Kuyenda wapansi mu Edinburgh ndi mayi a zaka 68: kodi masiku atatu akwana?

Nangondo_Leeds

Ndikupatsani moni nonse a pagulu pano. Ndabwera kudzapempha nzeru kwa amene mumaudziwa mzinda wa Edinburgh, makamaka amene munauyendapo ndi mapazi anu osati kungouonera pa windo la basi. Mayi anga anabwera kuchokera ku Zomba kudzationa kuno ku Leeds, ndipo asanabwerere kumudzi ndikufuna ndipite nawo ku Scotland kwa masiku atatu kumayambiriro kwa June, kuchoka Lachisanu m'mawa ndi kubwerako Lamulungu madzulo. Iwowa ndi a Mvano kuyambira ine ndili kumsana, ndiye chibwerereni akhala akunena kuti sangakwere ndege osaponda dziko limene kunachokera amishoni. Ali ndi zaka 68, ndi olimba ndithu chifukwa amalima okha, koma bondo lakumanzere limawavuta akamatsika malo otsetsereka kwa nthawi yaitali.

Ndalemba kuti tsiku loyamba tikatsika sitima pa Waverley tikwere ku Edinburgh Castle, titsike msewu wonse wa Royal Mile mpaka ku nyumba yachifumu ya Holyroodhouse, tikwere phiri la Arthur's Seat, kenako timalize ndi Calton Hill dzuwa likamalowa. Pa mapu zonsezi zikuoneka zoyandikana kwambiri. Tsiku lachiwiri ndaika nyumba yosungiramo zinthu zakale ndi Dean Village, mudzi wakale wa m'mbali mwa mtsinje, ndipo lachitatu ndalisiya lopanda kanthu. Sindikufuna kulipira basi ya alendo ija yopanda denga, chifukwa ndikuona kuti mzinda munthu amaumva bwino akamayenda pansi. Kodi ndondomeko imeneyi ndi yotheka, kapena ndikuwasenzetsa mayi katundu woposa msinkhu wawo?

MwanaWaMulanje

Achemwali, Arthur's Seat ndi mamita 251 okha, pamene Sapitwa ndi mamita 3,002. Kwa mayi amene akhala moyo wawo wonse m'munsi mwa phiri la Zomba, chimenecho ndi chulu. Musawachepetse mayiwo, akakusiyani inuyo m'mbuyo mukupuma wefuwefu.

Aphiri_aku_Leith

Mayi Nangondo, ine ndakhala mumzinda uno zaka 11, ndipo chinthu choyamba chimene ndimauza mlendo aliyense n'chakuti mapu a Edinburgh amanama. Sanama pa kutalika kwa mtunda, koma amabisa kuti mzinda wakale unamangidwa pamsana pa chitunda, ndipo misewu ina inadutsa pamwamba pa inzake. Mukaona pa foni kuti South Bridge ndi Cowgate zikudutsana, mumaganiza kuti mukafika pamphambano mungokhota. Mukafikapo mumapeza kuti mwaima pa mlatho, ndipo Cowgate ili pansi panu ngati mtsinje wa m'chigwa, moti kuti mukafikeko muyenera kuzungulira kapena kutsika masitepe. Chimodzimodzinso ndi George IV Bridge. Siteshoni ya Waverley nayonso ili m'chigwa, pakati pa mzinda wakale ndi mzinda watsopano, ndiye kulikonse kumene mungalowere potuluka pamenepo mukuyamba ndi chikweza.

Malangizo anga ndi akuti tsiku loyambalo muligawe pawiri. Mukatsika sitima, mutayenda kale maola pafupifupi atatu kuchokera ku Leeds, kasiyeni katundu kumene mukagone, kenako kwerani takisi kapena basi ikakutuleni kufupi ndi Lawnmarket, kumtunda kwa Royal Mile. Mukayambira kumeneko, msewu wonsewo, womwe ndi wotalika pafupifupi makilomita 1.8, umatsetsereka pang'onopang'ono mpaka ku Holyroodhouse. Munthu wothamangira kuntchito amautha m'mphindi 25, koma inu muuyende masana onse, chifukwa zoona zake zili m'tinjira tating'ono ta m'mbali timene eni ake amatitcha close. Tina timakatulukira m'mabwalo abata okhala ndi mabenchi, tina timangotsika ndi masitepe mpaka kuchigwa. Suzumirani musanalowe. Kumunsi kwenikweni mupezako nyumba ya malamulo ya Scotland, imene inatsegulidwa mu 2004, ndipo kulowa n'kwaulere masiku amene yatsegulidwa.

Za linga lija la Edinburgh Castle, gulani matikiti pa intaneti pasadakhale, ndipo dziwani kuti ngakhale mutalowa pachipata, chikweza chimapitirirabe m'katimo pa miyala. Arthur's Seat ndi Calton Hill tsiku lomwelo iwalani.

Namasina72

Ndikugwirizana ndi a Phiri, ndipo ndinene zimene zinandionekera ine. Chaka chatha ndinapita ndi apongozi anga aamuna. Malo amene tinakagona analemba kuti ali pa mtunda wa mphindi zisanu kuchokera pa siteshoni, ndipo sananame, koma sanatchule kuti mphindi zisanuzo ndi za masitepe. Foni inatilozera kanjira ka Fleshmarket Close, ife n'kulowamo ndi masutikesi awiri, mvula ikuwaza. Pofika pakati apongozi anaima, natsamira khoma, n'kundifunsa mwaulemu ngati kwathu kuno kulibe msewu wa anthu. Ndinachita manyazi kwambiri, chifukwa ndinali nditawauza kunyumba kuti mzindawu ndimaudziwa.

Chachiwiri ndi miyala imene anayala m'misewu yakale. Ikauma ilibe vuto, koma ikanyowa imaterera ngati mwala wa pamadzi wochapirapo, ndipo mipata yake imagwira chidendene cha nsapato. Mayi asavale nsapato zawo za kutchalitchi, ngakhale atakakamira chifukwa cha zithunzi. Muwagulire nsapato zofewa za mphira pansi, ndipo ayambe kuzivala kuno ku Leeds sabata imodzi ulendo usanafike, kuti zisakawatulutse matuza tsiku loyamba.

Namwino_wa_Usiku

A MwanaWaMulanje, mwawerenga mamita koma simunawerenge bondo. A Nangondo anena momveka kuti mayi amavutika potsika, osati pokwera. Potsika ndi pamene bondo limanyamula thupi lonse uku likugwira ntchito ya mabuleki, ndipo chigawo chomaliza cha Arthur's Seat ndi cha miyala yosalala imene mapazi a anthu ambirimbiri anaipukuta. Kulima munda wa pa dambo ndi kutsika mwala wonyowa ndi ntchito ziwiri zosiyana.

Kutsetsereka kwa Royal Mile sikundidetsa nkhawa chifukwa n'kwapang'onopang'ono. Chimene ndingapemphe n'chakuti muwapezere ndodo yoyendera, aigwire ku dzanja lamanja popeza bondo lovuta ndi lakumanzere, ndipo pa masitepe potsika atsogoze mwendo wovutawo, pokwera atsogoze wabwinowo. Muzikhala pansi ola lililonse iwo asananene kuti atopa, chifukwa amayi athu a msinkhu umenewu savomera kutopa pamaso pa mwana wawo, mumangozindikira usiku akulephera kuvula nsapato.

MwanaWaMulanje

Ndamva, a Namwino, ndipo za bondo ndagonja. Koma ndikuumirirabe kuti kupita ku Edinburgh osauona mzindawo uli pansi pako ndi kubwerako ndi theka la ulendo.

Mkulu_wa_Mpingo

Mwana wanga Nangondo, anzangawa akuthandizani za miyendo, ine ndikuthandizeni za chimene mayi anu adzera. Ngati iwo ndi a Mvano, ndiye kuti linga ndi mizinga yake si zimene mtima wawo ukufuna, ndipo ndikuona kuti m'ndondomeko yanu mulibe malo ngakhale amodzi a mpingo.

Yambani ndi chiboliboli cha David Livingstone, chimene chili m'munda wa Princes Street Gardens, pafupi ndi chipilala chachitali chakuda cha Scott Monument. Chinaimikidwa mu 1876, chaka chomwecho chimene mishoni ya Blantyre inayamba, ndipo anachiumba ndi mayi, Amelia Hill. Kuchokera pa Waverley ndi pafupi kwambiri, ndiponso ndi pamalo athyathyathya. Mukaima pamenepo n'kuyang'ana kumtunda cha ku The Mound, muona nyumba ya nsanja ziwiri. Imeneyo ndi New College, ndipo m'kati mwake muli holo imene msonkhano waukulu wa Church of Scotland umachitikiramo. M'holo imeneyo ndi mmene munachitikira msonkhano wa amishoni a dziko lonse mu 1910. Nyumbayi anaimanga ndi a Free Church, amene anapatuka mu Church of Scotland mu 1843, ndipo ndi iwowa amene anatumiza gulu loyambitsa Livingstonia mu 1875, momwe munali Dr Robert Laws. Mishoni ya Blantyre, imene mpingo wa mayi anu unachokerako, inatumizidwa ndi Church of Scotland. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti kwathu mbali ziwirizi zinagwirizana mu 1924 pamene CCAP inapangidwa, eni ake kuno asanabwererane mu 1929.

Lamulungu lija mwalisiya lopanda kanthu, ndiye lipatseni tchalitchi cha St Giles pa Royal Mile, pamene John Knox, m'busa amene anatsogolera kukonzanso mpingo ku Scotland, ankalalikira. Pitani pa mapemphero enieni, osati kungolowa ndi alendo ojambula. Mukatuluka, zungulirani kumbuyo kumene amaimika magalimoto, mufunefune malo a nambala 23. Pamenepo pali chikwangwani chosonyeza kuti Knox anaikidwa cha pomwepo, popeza kale panali manda. Ine nditapita ndinapeza galimoto itaimapo, ndipo ndinaima kanthawi osadziwa ngati ndiseke kapena ndidandaule. Tsiku lina mukamapita ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ija ya pa Chambers Street, tchalitchi cha Greyfriars chili pafupi pomwepo, ndipo ndi pamene anthu anasainira pangano la National Covenant, lokana kuti mfumu isinthe kapembedzedwe ka mpingo wawo, mu 1638.

Kamtedza

Ndi ulemu wonse kwa a Mkulu wa Mpingo, Livingstone si wa ku Edinburgh. Anabadwira ku Blantyre, kufupi ndi Glasgow, mu 1813, ndipo za udokotala anaphunzira ku Glasgow. Nyumba imene anabadwiramo ilipo, ndipo anaitsegulanso mu 2021 ataikonza. Munthu amaona kachipinda kamodzi kamene banja lonse linkagonamo pamene iye ankagwira ntchito pa fakitale ya thonje ali ndi zaka 10. Ngati mayi akufuna kuona kumene nkhaniyi inayambira, tengani tsiku limodzi mwa atatuwo mupite kumeneko. Wa kwathu amene tingati ndi wa ku Edinburgh ndi Kamuzu, amene anamalizira maphunziro a udokotala mumzindawu mu 1941 nakhalanso mkulu wa mpingo wa Church of Scotland.

Aphiri_aku_Leith

A Kamtedza, zimene mwanena ndi zoona, koma werengani nthawi. Kuchoka ku Edinburgh kufika ku Glasgow ndi pafupifupi ola limodzi, kenako pali sitima ina yopita ku Blantyre, ndiye kupita ndi kubwera tsiku latha. Anthuwa ali ndi Loweruka limodzi lokha lathunthu. Ulendo wa ku Blantyre ndi woyenera, koma ukhale wapadera, usadye masiku a Edinburgh.

Chiperoni

Palibe amene wanena za nyengo, chonsecho ndi imene imalamulira munthu woyenda pansi mumzinda umenewu. Mu June mukhoza kudzuka dzuwa likuwala bwino, koma pofika masana n'kuona nkhungu yozizira ikulowa kuchokera kunyanja ya kum'mawa. Eni ake amaitcha haar. Mayi akaiona aizindikira okha, chifukwa ndi mbale wake wa chiperoni cha ku Thyolo ndi ku Mulanje, kungoti iyi imatha kubisa linga lonse uli chiimire pansi pake. Ambulera musaidalire. Yanga inatembenuzika pa North Bridge n'kutsala nthiti zokha, popeza mphepo ya pa mlatho umenewo ilibe ulemu. Jekete ya mvula yokhala ndi chipewa, juzi m'chikwama, ndi mpango wa kumutu, zimenezi n'zokwanira.

Chinthu china chimene chimapusitsa ife a kwathu ndi kuwala. Tinazolowera kuti ikamakwana 6 koloko madzulo mdima wagwa, ndipo thupi limadziwa kuti ntchito yatha. Ku Edinburgh mu June dzuwa limalowa cha m'ma 10 koloko usiku n'kutulukanso isanakwane 5 koloko m'mawa. Ndiye mwalemba kuti mukamalize pa Calton Hill dzuwa likamalowa, koma zimenezo zikutanthauza kuti mayi adzakhala ali panja kuyambira m'mawa mpaka nthawi imene kwawo amakhala atagona kale tulo toyamba. Muziyendera wotchi, osati dzuwa. Mwachita bwino kusankha June, chifukwa mu August, nthawi ya chikondwerero cha Fringe, Royal Mile imadzaza moti munthu wa ndodo sangaponde momasuka.

Nangondo_Leeds

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. A Mkulu wa Mpingo, ndawawerengera mayi zimene mwalemba, ndipo andiuza kuti ndikuthokozeni, komanso andidzudzula kuti ndinakonza ulendo wa ine mwini n'kuutcha wawo. Za ku Blantyre tagwirizana kuti tidzapite sabata ina ndi amuna anga pa galimoto.

Koma ndalakwitsa chinthu chimodzi. Ndinawawerengeranso mawu a MwanaWaMulanje aja a chulu, ndipo tsopano akuti iwo sangalephere chulu cha azungu pamene anakwera ku Ku Chawe wapansi ali ndi mwana kumbuyo. Ndodo akuikana, akuti ndi ya nkhalamba. Kodi pali njira ina yofikira pamwamba pa Arthur's Seat yosavuta, kapena phiri lina limene ndingawapatse m'malo mwake osawanyoza? Ndifunsenso za zimbudzi ndi malo opumira, chifukwa ndikudziwa kuti iwo sadzanena.

Wokonda_Mbiri

Musanayankhidwe za phiri, ndiloleni ndiwonjezere malo amodzi pa ndandanda wa a Mkulu wa Mpingo, kuti mayi aone mbali zonse ziwiri. Mukawoloka Princes Street kulowa mumzinda watsopano, umene pulani yake anajambula ndi James Craig mu 1767, mupeza bwalo la St Andrew Square. Pakati pake pali chipilala chachitali cha Henry Dundas, nduna yamphamvu ya nthawi imeneyo. M'zaka zaposachedwapa khonsolo ya mzindawu inaikapo chikwangwani chonena kuti iye anachedwetsa kuthetsedwa kwa malonda a akapolo a pa nyanja ya Atlantic, popeza mu 1792 anaonjezera mawu akuti malondawo athe pang'onopang'ono, ndipo sanathe mpaka 1807. A kubanja kwake ndi akatswiri ena a mbiri amatsutsa mawu a pachikwangwanicho, ndipo mkangano wake sunazirale.

Ndikunena izi chifukwa ife tikafika ku Scotland timangoona dziko la amishoni amene analimbana ndi ukapolo kwathu, kuiwala kuti mabanja ena a m'misewu yokongolayo analemera ndi minda ya nzimbe ya ku Caribbean. Kuchoka pa chiboliboli cha Livingstone kufika pa chipilala cha Dundas ndi mphindi zochepa chabe, pamalo osakwera. Woyenda pansi amawerenga zikwangwani zotere, pamene wa pa basi ya alendo amangozidutsa.

Mkulu_wa_Mpingo

A Wokonda Mbiri, sindikutsutsani, ndipo ndikuvomereza kuti apite akaone. Ndingopempha kuti mwana asasandutse tchuthi cha mayi ake kukhala kalasi. Mayi wa zaka 68 amene anabadwa dziko lathu likadali Nyasaland safunika kuuzidwa ndi ife kuti azungu anali ndi mbali ziwiri, anaziona yekha. Muwawerengere chikwangwanicho m'Chichewa, kenako mukhale chete, mumve zimene iwo anene. Ndiwonjezere kuti moyang'anana ndi St Giles pali City Chambers, kumene bungwe la Scotland Malawi Partnership lakhala likugwirira ntchito, ndipo pangano la ubale wa maiko awiriwa linasainidwa mumzinda womwewu mu 2005 ndi Bingu wa Mutharika ndi Jack McConnell, amene anali nduna yaikulu ya Scotland nthawi imeneyo.

Namasina72

Tibwerere ku funso la a Nangondo, chifukwa chimbudzi sichidikira mbiri. Zimbudzi za mumsewu n'zochepa, ndiye njira yabwino ndi kukonza ulendo motsata nyumba zolowa ulere. National Museum of Scotland pa Chambers Street ili ndi zimbudzi, zikepe, mipando, ndiponso malo a padenga pamene mumaona linga ndi mzinda wakale popanda kukwera sitepe. M'menemo mulinso Dolly, nkhosa ija imene akatswiri anaipanga kuchokera ku selo ya nkhosa ina mu 1996, ndipo apongozi anga anaizungulira kawiri akupukusa mutu. Nyumba ya zojambula ya pa The Mound nayonso ndi yaulere, ndipo ili pakati penipeni pa mizinda iwiriyo.

Popumira, pitani m'munda wa Princes Street Gardens. Kale pamenepo panali dziwe lotchedwa Nor Loch, analiphwetsa. Mabenchi ake ndi ambiri, ndipo pafupifupi lililonse lili ndi kachitsulo kolembedwa dzina la womwalira amene abale ake analipereka pomukumbukira. Apongozi anga poyamba anakana kukhalapo, akuti ndi ngati kukhala pa manda, mpaka ataona eni dziko akudyerapo chakudya chamasana. Tengani tiyi m'fulasiki ndi kamba wanu, koma chenjerani ndi mbalame zoyera za kunyanja zija, zimalanda buledi m'manja ngati akabawi.

Chomaliza, pafupi ndi khomo la St Giles pali chithunzi cha mtima chimene anachiyala ndi miyala pansi, chotchedwa Heart of Midlothian. Pamenepo panali ndende yakale, ndipo anthu amalavulirapo podutsa. Muwachenjeze mayi kuti asapondepo, ndiponso kuti asakalipire wolavulayo.

Aphiri_aku_Leith

Mayi Nangondo, apatseni Calton Hill, ndipo musanene kuti ndi m'malo mwa china. Ndi phiri la mamita pafupifupi 100, lili kumapeto kwa Princes Street chakum'mawa, ndipo munthu amafika pamwamba m'mphindi 10 kapena 15 akuyenda modekha. Kuchokera ku Waterloo Place pali masitepe pang'ono poyambira, kenako njira ya phula. Pamwambapo mumaona linga, Princes Street yense, Leith, nyanja ya Firth of Forth mpaka tsidya la Fife, ndi Arthur's Seat yemweyo ali patsogolo panu. Palinso nsanamira 12 za chipilala chimene anachiyamba mu 1826 motsanzira kachisi wa ku Athens, koma ndalama zinatha mu 1829 n'kuchisiya chomwecho mpaka lero. Mayi akachiona akumbukira nyumba zambiri za kwathu zimene zinaima pa windo.

Mukonze kuti mukhale pamwambapo Loweruka nthawi ikamakwana 1 koloko masana. Pa nthawi imeneyo ku linga amaomba mzinga, mwambo umene unayamba mu 1861 pofuna kuti oyendetsa zombo pa doko la Leith azitchera mawotchi awo. Amaomba tsiku lililonse kupatula Lamulungu, Lachisanu Loyera ndi Khirisimasi. Mukakhala patali chotero mumayamba mwaona utsi, phokoso n'kumabwera pambuyo. Mukakhala m'munda pansi pa linga, muwauziretu mayi, chifukwa ine mlendo wanga wina anagwetsa kapu ya tiyi.

Akakakamirabe Arthur's Seat, njira yaifupi ndi yoyambira ku dziwe la Dunsapie Loch chakum'mawa, koma msewu wofika kumeneko amautseka kwa magalimoto masiku ena, makamaka kumapeto kwa sabata, ndipo miyala ya pansonga ija simungaizembe. Za Dean Village, kumtsinje kwenikweniko njira ya Water of Leith yopita ku Stockbridge ndi yosakwera ndipo ndi ya mthunzi wabwino, koma potsikira pa Bell's Brae ndi potsetsereka pa miyala. Mukaona kuti bondo latopa, kumeneko kusiyeni.

Kamtedza

Ndagonja za Blantyre. Ndingokumbutsa kuti mabasi a mumzindawu sabweza chenji, ndiye gwiritsani ntchito khadi la kubanki pogunditsa pa makina. Mukapatsidwa ndalama za pepala zooneka zachilendo musadabwe, mabanki atatu a ku Scotland amasindikiza zawo, koma yesetsani kuzigwiritsa ntchito konko chifukwa masitolo ena ku England amachita nazo mphwayi. Mwayi wake ndi wakuti magalimoto amayenda kumanzere ngati kwathu, ndiye mayi powoloka msewu sasokonezeka.

Nangondo_Leeds

Ndabweranso kudzapereka lipoti, popeza tinabwerako usiku wa Lamulungu. Lachisanu tinachita monga ananenera a Phiri: takisi inatitula ku Lawnmarket, ndipo tinatsika Royal Mile kuyambira cha m'ma 2 koloko mpaka 6 koloko. M'linga sitinalowe, tinangoima pabwalo la kutsogolo kwake, mayi n'kunena kuti aona mokwanira. Pa nambala 23 tinapeza popanda galimoto. Anaima pamenepo nthawi yaitali, kenako anandifunsa ngati munthuyo analibe abale.

Loweruka tinayambira kwa Livingstone, kenako St Andrew Square. Ndinawawerengera chikwangwani chija m'Chichewa n'kukhala chete monga munandilangizira, a Mkulu wa Mpingo. Iwo anayang'ana chipilalacho kuchokera pansi mpaka pamwamba, n'kufunsa chifukwa chimene munthu wa mlandu wotere anamuikira patali pamene sangamve zimene anthu akunena. Titatero tinakwera Calton Hill. Mzinga tinaumva, koma utsi sitinauone chifukwa nkhungu ija inali itayamba kulowa, ndipo a Chiperoni munalondola, mayi anaitchula dzina lake la kwathu ndisanawauze. Arthur's Seat anamuyang'ana ali pamwambapo, n'kunena kuti ndi chulu ndithu, ndipo chulu munthu wamkulu sakwera. Nkhani inathera pomwepo. Ku Dean Village sitinapite, masanawo tinakhala mu nyumba ya zinthu zakale ija mpaka kutseka.

Lamulungu tinapemphera ku St Giles. Anavala yunifolomu yawo ya Mvano, imene sindinadziwe kuti anaiika m'chikwama, pamodzi ndi nsapato za mphira zija, ndipo nyimbo ina anaizindikira mayimbidwe ake n'kuiyimba m'Chichewa chapansipansi. Ndodo anaikana mpaka mapeto, koma ambulera yaitali imene ndinagula pa siteshoni anaitsamira masiku onse atatu osaitsegula ngakhale kamodzi. Bondo linatupa pang'ono Loweruka usiku, tinaliika madzi ozizira, ndipo m'mawa linali bwino. Foni yanga inawerenga makilomita 17 pa masiku atatuwo. A Kamtedza, ku Blantyre tikupita Loweruka likudzali, ndiye ngati mukudziwa za malo oimika galimoto kumeneko, ndiuzeni.